Kuchokera ku Nyika mpaka pansi pa nyanja: mmene zamoyo za ku Karonga zimakhalirana

Boma la Karonga ndi lopapatiza. Kumadzulo kuli zitunda zokwera mpaka kukafika ku Nyika, kummawa kuli nyanja, ndipo pakati pali chigwa chotentha cha mpunga, chinangwa, chimanga, nthochi ndi ng'ombe. Malo ozizira, nkhalango ya miombo, madambo ndi madzi akuya zinayandikana kwambiri moti chochitika pamalo amodzi sichichedwa kumveka pena. Zomwe ana amaloweza m'kalasi za kudalirana ndi kulimbirana kwa zamoyo, kuno munthu angathe kuziona ndi maso ake.

Amati zonse za m'chilengedwe n'zolumikizana. Nanga Nyika ndi usipa wa pa doko la Ngara zikukhudzana pati?

Tsatirani madzi. Mitsinje ya North Rukuru ndi Wovwe imayambira pa Nyika. Udzu ndi madambo a pamwambapo zimagwira mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono. Madziwo akamatsika amadutsa m'nkhalango, amakokolola masamba oola ndi michere ya m'nthaka, amathirira mpunga m'masikimu, kenako amakathira m'nyanja. Michere ija ndiyo imameretsa ndere zoyandama, zazing'ono zosaoneka ndi maso. Nderezo zimadyedwa ndi tizilombo ta m'madzi, tizilomboto timadyedwa ndi usipa, usipa umadyedwa ndi ncheni, ndipo ncheni imathera mu mphika wa munthu kapena m'zikhadabo za nkhwazi.

Ulendowu suli wotsika wokhawokha. Mpasa imakhala m'nyanja koma siiswana m'nyanja. Nthawi yake ikakwana imakwera mitsinje ikuluikulu monga North Rukuru ndi Songwe kukafuna malo a timiyala pomwe madzi ndi oyera komanso othamanga. Mazira ake amagwera m'mipata ya timiyalato, ndipo amapuma chifukwa madzi amadutsa m'mipatamo. Tsono munthu akagwetsa mitengo pa chitunda kumtunda kwa Mpata, kapena akalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula yoyamba imatsitsa matope. Matope amatseka mipata ija, mazira n'kufera momwemo. Wootcha makala amene sanagwirepo ukonde chibadwire ali ndi dzanja pa kuchuluka kwa mpasa zomwe msodzi wa ku Kambwe adzagwire zaka zikubwerazi. Awiriwa mwina sadziwana n'komwe.

Nkhungu zomwe zimafuka pakati pa nyanja zili ndi ntchito yanji?

Mlendo akaziona koyamba amayesa kuti bwato likupsa. Koma zomwe zimaulukazo ndi mapeto chabe a moyo wa kachilomboka. Nthawi yaitali nkhungu imakhala mphutsi m'madzi, ndipo mphutsiyo ili ndi nzeru yake yodzitetezera. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita 200 kapena 250 madzi alibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Kukacha, mphutsi za nkhungu zimatsikira kufupi ndi madzi opanda mpweyawo, kumene nsomba zambiri sizingalimbe. Kukada zimakwera kudzadya tizilombo tomwe usipa nawonso umadya. Choncho nkhungu ndi usipa amalimbirana chakudya chimodzi. Zikakhwima zimatuluka zonse pamodzi, kawirikawiri mwezi ukakhala mu mdima, zochuluka moti nsomba ndi mbalame zimadya n'kukhuta, zotsala n'kuswana. Mphepo ikazikankhira kumtunda, anthu amazikola ndi madengu n'kuziumba zitumbuwa zandiwo.

M'zaka za m'ma 1980 panali akatswiri ena omwe ankaona ngati chakudya cha m'nyanja chikungowonongeka pa nkhungu. Iwo anati kubwere kapenta wa ku Nyanja ya Tanganyika, monga anachitira ku Kariba, kuti azidya tizilombo tija anthu n'kumapha kapentayo. Ena anakana kwamtuwagalu. Kafukufuku wa m'madzi akuya yemwe anachitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti nsomba zambiri za pakati pa nyanja, kuphatikizapo ndunduma, zimadya kwambiri mphutsi za nkhungu. Chomwe chinkaoneka ngati chotayika chinali chakudya cha nsomba zomwe timadya. Mwamwayi kapenta sanathiridwe.

Nyanjayi ili ndi mitundu yambirimbiri ya nsomba. Bwanji yamphamvu siimaliza inzake?

Funso ili ndiye phata la nkhani yonse. Akatswiri amayerekeza kuti m'nyanjayi muli mitundu ya nsomba pakati pa 800 ndi 1,000, kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere padziko lapansi. Yambiri ndi ya banja limodzi lotchedwa Cichlidae: mbuna, utaka, chisawasawa, kambuzi, ncheni, ndunduma ndi chambo onse ndi pachibale. Ndipo n'zoona kuti mitundu iwiri ikamafuna chakudya chimodzi, pamalo amodzi, nthawi imodzi, mosasiyana ngakhale pang'ono, pamapeto pake umodzi umathamangitsa unzake. Yomwe yakhalitsa limodzi ndi yomwe inapatukana penapake.

Mukapeza galasi losambirira, kaviikeni mutu pa miyala ya ku Chilumba, chakufupi ndi kachilumba ka Chitande, muyang'anitsitse mwala umodzi wokha. Wakutidwa ndi ndere, ndipo mbuna zamitundumitundu zikudya pomwepo. Poyamba zimaoneka ngati zonse zikuchita chimodzimodzi. Dikirani pang'ono. Iyo ya mphuno yonenepa ndi kamwa loyang'ana pansi, yotchedwa Labeotropheus, imagona chafufumimba pamwala n'kumapala ndere yomatirira, ngakhale pomwe mafunde akumenya. Ina ya milomo yotambasuka yodzaza timano tating'ono tambirimbiri, Petrotilapia, imapesa nderezo n'kutenga zomasuka zokha, zomatirira n'kuzisiya. Tropheops imaluma kansonga ka ndere n'kugwedeza thupi kuti kaduke. Labidochromis ili ndi kamwa losongoka lotolera tizilombo m'ming'alu. Pansi pomwe mwala wakumana ndi mchenga pali Aulonocara, yangoima chilili osagwedezeka. Kunsi kwa chibwano chake kuli timabowo tomwe timamva kachilombo kakamayenda mu mchenga, ndipo ikamva imalowetsa kamwa kamodzi n'kamodzi. Zina zili ndi mano ophwathalala kukhosi ophwanyira nkhono. Zina zimakonda madzi osaya, zina akuyako pang'ono.

Palinso china chomwe chimachulukitsa mitundu. Mbuna siikonda kuwoloka mchenga, chifukwa poyera imagwidwa msanga. Ndiye mbuna za pa mulu wina wa miyala zimakwatirana zokhazokha kwa mibadwo yambiri, ndipo zazikazi zimasankha yaimuna poona maonekedwe ake. M'kupita kwa nthawi za pa Chitande zimasiyana ndi za pa miyala ina yomwe ili makilomita ochepa chabe. N'chifukwa chake kuwononga malo ang'ono a miyala kungathe kufafaniza mtundu wathunthu womwe sukupezeka kwina kulikonse.

Chodabwitsa n'choti zonsezi zachitika mofulumira tikayerekeza ndi msinkhu wa dziko. Kafukufuku wa DNA yemwe anatuluka mu 2018 anapeza kuti mitunduyi imasiyana pang'ono kwambiri, pakati pa 0.1 ndi 0.25 peresenti, ndipo yambiri inachokera kwa kholo limodzi m'zaka zosakwana 1 miliyoni zapitazi.

Ndiye kuti nsomba imachita kuganiza kuti isinthe kamwa lake?

Ayi. Palibe nsomba imene imasintha thupi lake mwakufuna. Ana a mayi mmodzi sabadwa ofanana ndendende. Amene mwamwayi wabadwa ndi kamwa logwira bwino chakudya chomwe chilipo amakula msanga, amapulumuka, amasiya ana ambiri, ndipo anawo amatengera. Zikabwerezedwa mibadwo masauzande, mtundu wonse umaoneka wosiyana ndi makolo ake.

Ife Amalawi tinaziona zimenezi m'matupi mwathu. Akuluakulu akukumbuka chloroquine. Poyamba ankachiza malungo, koma tizilombo tochepa tomwe tinali tolimba tinkapulumuka n'kumachulukana, mpaka mankhwalawo anasiya kugwira ntchito. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba Fansidar. Ndiye panachitika chinthu chophunzitsa. Ku Blantyre, tizilombo tosamva chloroquine tinali 85 pa 100 aliwonse mu 1992, koma pofika mu 2000 tinatsika kufika 13. Kulimba kuja kunali ndi mtengo wake: mankhwala atachoka, tizilombo wamba tinakula bwino kuposa tolimbato n'kutilanda malo. Khalidwe lothandiza lero litha kukhala mtolo mawa zinthu zikasintha.

Chitsanzo china chili kutsidya kwa Songwe, m'boma la Rungwe ku Tanzania. Kumeneko kuli kanyanja kozungulira kotchedwa Masoko, kotambalala mamita pafupifupi 700, kozama mamita 35. Muli kansomba komwe kamapezekanso m'mitsinje ndi m'madzi osaya a kwathu kuno, Astatotilapia calliptera. Akatswiri analengeza mu 2015 kuti kansombaka kakugawika pawiri m'kanyanja kamodzi komweko. Zamphongo za m'madzi osaya zambiri ndi zachikasu, za pansi ndi zabuluu, ndipo zayamba kusiyana kadyedwe, nsagwada ndi kaonedwe ka maso. Kupatukanaku kunayamba m'zaka pafupifupi 1,000 zapitazi, ndipo sikunathe.

Kodi m'madzimo muli nkhondo yokhayokha?

Muli uchenjezi, muli kuba, mulinso kuthandizana, ndipo nthawi zina n'kovuta kudziwa pomwe china chathera. Asodzi amaidziwa kaligono, nsomba yamawangamawanga yomwe imagona cham'mbali pa mchenga ngati yafa. Tinsomba tikabwera kudzadya mtembo, iyo imadzambatuka n'kumeza. Pali ina, Corematodus shiranus, yofanana ndi chambo maonekedwe, imene imasambira m'gulu la chambo n'kumapala mamba a kumchira kwa anzake. Pali zina zomwe zimagunda nsomba yaikazi yofungatira ana m'kamwa kuti iwalavule.

Koma nkhani yomwe imandigwira mtima ndi ya kampango. Bambo ndi mayi onse amalondera ana pachisa. Mayi amaikira mazira osaswa kuti anawo adye, bambo amakafukula tizilombo mu mchenga n'kudzawabweretsera. Nsomba zina zazing'ono, poona chitetezo chotere, zimadzalavulira ana awo m'gulu la ana a kampango. Kampango sawathamangitsa. Amawasiya kunja kwa gulu, ake ali pakati, ndiye mdani akabwera amayamba kugwira alendowo. Komabe ana achilendowo amapulumuka bwino pamenepo kusiyana n'kukhala okha, ndipo makolo awo amathandiza kulondera. Onse apindula, ngakhale mosafanana. Kenako pali bombe. Mu 2010 akatswiri anafotokoza za zisa za kampango zomwe munali ana a bombe, ana a mwini chisa atatsala ochepa kapena kulibiretu, kampango ali kalikiliki kulera ana a wina.

Nanga kumtunda, m'minda ndi m'nkhalango, zoterezi zimaoneka?

Mlimi aliyense wa m'mphepete mwa nyanja amaudziwa msangu. Mitengo ina yambiri imabiriwira mvula ikagwa, koma msangu ndi pomwe umayoyola. Chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa, chimapezanso chonde cha masamba ogwawo. M'chilimwe, mbewu zitakololedwa, msangu umabiriwira chifukwa mizu yake imafika madzi akuya, ndipo ng'ombe zimabwera kudzausa pamthunzi, kudya nyemba zake n'kusiya ndowe. Mtengo ndi chimanga sizikangana chifukwa zinagawana nyengo. Kudula msangu m'munda kuti mupeze nkhuni za mwezi umodzi ndi kutaya feteleza wa zaka makumi.

Kaufiti ndi wosiyana. Njere zake ndi zazing'ono zedi ndipo zimatha kudikira m'nthaka zaka zoposa 10. Zimamera pokhapokha zikamva timadzi totuluka ku mizu ya chimanga kapena mapira. Kamuzu kake kamaboola muzu wa chimanga n'kuyamba kuyamwa, moti pomwe duwa lake lofiira likuonekera pamwamba, chimanga chavulala kale. Amakonda nthaka yoguga. N'chifukwa chake kasinthasintha wa mbewu amathandiza: soya amanyenga njere za kaufiti kuti zimere, koma zikamera zimasowa poyamwa n'kufa.

M'nkhalango ya miombo, bowa wambiri yemwe amayi amatola m'dzinja amakhala womangirirana ndi mizu ya mitengo. Bowa amathandiza mtengo kutenga madzi ndi michere m'nthaka yosauka, mtengo umamupatsa shuga wochokera m'masamba. Nkhalango ikapita ku makala, bowa wotereyo amapitira limodzi, ndipo sungamudzale m'munda. Ankhonde nawo anazindikira kalekale kulumikiza ng'ombe ndi nthochi: ndowe za m'khola zimapita ku nthochi zozungulira nyumba, makoko ndi masamba a nthochi n'kubwerera ku ziweto.

Chimachitika n'chiyani chamoyo chachilendo chikalowa?

Chamoyo chilichonse kwawo chili ndi adani omwe anakula nacho. Chikasamuka n'kuwasiya adaniwo, chimachulukana popanda wochiletsa, pomwe eni malo alibe chodzitetezera. Karonga yazionapo kangapo. Mu 1892 mliri wa rinderpest, womwe unalowa mu Africa ndi ng'ombe zochokera kunja, unafika kumpoto kwa nyanja n'kupulula ng'ombe za Ankhonde pamodzi ndi njati za m'tchire. Nthendayi inalengezedwa kuti yatheratu padziko lonse mu 2011.

M'zaka za m'ma 1980 kodikodi anawononga chinangwa m'mphepete mwa nyanja kumpoto, makamaka ku Nkhata Bay, anthu odya kondowole n'kugona ndi njala. Kachilomboka kanachokera ku South America, kwawo kwa chinangwa, komwe sikavuta kwenikweni. Akatswiri anapita kukafufuza chomwe chimakaletsa kumeneko, ndipo ku Paraguay anapeza kamavu kakang'ono kwambiri komwe kamaikira dzira m'thupi mwa kodikodi, mphutsi yake n'kumudya m'kati. Bungwe la IITA linakaweta n'kukamwaza m'maiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, ndipo chinangwa chinabwerera. Hans Herren, yemwe anatsogolera ntchitoyi, analandira mphoto ya World Food Prize mu 1995. Ntchemberezandonda, zomwe zinachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, nazonso zinachokera ku America. Nyerere, mavu ndi mbalame za kuno zimadya mbozizi, koma kupopera mankhwala mosasamala kumapha othandizawo limodzi ndi mdani.

Choopsa chomwe chili pakhomo penipeni pa Karonga ndi nsomba yoweta yotchedwa Nile tilapia. Mu 2013 akatswiri analengeza kuti aipeza m'maiwe ndi m'kanyanja ka Itamba ku Tanzania, m'dera lomwe madzi ake amatsikira m'Nyanja ya Malawi. Imakula msanga, n'chifukwa chake alimi amaikonda, koma kwina komwe inalowa inalanda malo a nsomba za pachibale ndi chambo, kwinanso n'kuswana nazo mpaka mtundu weniweni kusokonekera. Ku Nyanja ya Victoria anathiramo nsomba yolusa ya Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya nsomba za kumeneko inazimirira. Malamulo athu a usodzi saloleza kubweretsa nsomba zachilendo popanda chilolezo. Mlimi wa nsomba ku Kaporo kapena ku Iponga akapatsidwa mbewu yotchipa yochokera kutsidya, akumbukire kuti dziwe limasefukira, ndipo nsomba ikalowa m'nyanja palibe angaitulutsemo.

Mafupa a ku nyumba yosungira zakale ya pa Karonga akutiuza chiyani pa nkhaniyi?

Akutiuza kuti eni malo amasintha. Chinyama chachikulu chomwe chaima m'nyumbayo, yomwe inatsegulidwa mu 2004, ndi Malawisaurus, chimene mafupa ake anakumbidwa ku Mwakasyunguti. Chinkadya masamba m'dera lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nyanja kulibe. M'miyala yomweyo katswiri wa kwathu, Elizabeth Gomani, anafotokoza kang'ona kakang'ono ka mano otafunira, Malawisuchus.

Mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza ku Uraha nsagwada ya munthu wakalekale wotchedwa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mu 1996 ku Malema kunapezeka chidutswa cha nsagwada ya mtundu wina wa nthawi yomweyo, Paranthropus boisei, wa mano akuluakulu otafunira. Kupima manowa kunasonyeza kuti kuno onse awiri ankadya kwambiri za m'nkhalango. Pambuyo pake, kummawa kwa Africa, Paranthropus anatsamira pa zomera za mtundu wa udzu, pomwe Homo anapitiriza kudya zosiyanasiyana. Paranthropus anatha. Ngakhale nyanja yeniyeniyi siinakhale chimodzimodzi: matope omwe anaboola pansi pake mu 2005 anaonetsa kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kunagwa chilala choopsa moti madzi anatsika mamita oposa 500.

Ngati zamoyo zimazolowera kusintha, bwanji tikudandaula za chambo? Sichizolowera maukonde athu?

Kuzolowera kumafuna mibadwo yambiri, ndipo kumafuna kuti ena apulumuke. Chambo chimatenga zaka pafupifupi 3 kuti chiyambe kuswana. Champhongo chimakumba chisa pa mchenga, chachikazi chimatola mazira n'kuwasunga m'kamwa milungu ingapo osadya bwino, kenako chimakalavula ana m'madzi osaya, m'mabango ndi m'udzu. Njira imeneyi inachiteteza kwa adani ake a m'madzi kwa zaka zosawerengeka. Koma khoka likakokedwa pa malo oswanirana limagwira mayi ndi ana onse ali m'kamwa. Bango likadulidwa, ana alibe pobisala. Neti ya udzudzu ikadutsa m'mphepete imakokolola kasawala, tiana ta chambo, osasiyako ndi mmodzi yemwe. Amene wakazinga kasawala wadya mbewu ya mpunga asanafese.

Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu: Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole. Ntchila, yomwe m'zaka za m'ma 1950 inali m'gulu la nsomba zogwidwa kwambiri, ana ambiri a lero sanaionepo. Usipa ndiwo wadzaza pa thandala, chifukwa umakhala chaka chimodzi chokha ndipo umaswana mwaunyinji. Koma ngakhale usipawo tikuugwira ukadali bonya.

Apa m'pomwe munthu wasiyana ndi adani ena onse a nsomba. Ncheni ikamaliza usipa, imafa ndi njala, ndipo usipa umapeza mpata wobwerera. Nkhwazi imagwira za pamwamba zokha, kampango amasaka kwake, aliyense ali ndi malire. Munthu amapha masana ndi usiku, ndi nyali, pamwamba ndi pansi, zazikulu ndi zazing'ono. Ndipo chambo chikachepa mtengo wake umakwera, ndiye m'malo mochisiya timachisaka kwambiri. M'chilengedwe mulibe mdani wina amene njala yake imakula chakudya chikamachepa n'kumapezabe mphamvu zosakira.

Sindikuloza chala mayi amene amakoka neti ya udzudzu kuti ana ake adyere nsima. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 365,000 m'boma la Karonga, ndipo ambiri alibe kwina kopezera ndiwo kapena ndalama. Mlandu waukulu uli pa eni zida zazikulu omwe amadziwa lamulo n'kumaliphwanya, ndi pa ife ogula amene timafunsa mtengo wokha.

Nsomba imodzi ikatha, si ndiye tingodya ina?

Zikanakhala choncho bwenzi zili bwino. Ku Chembe, m'boma la Mangochi, kunali nsomba zambiri zodya nkhono, makamaka Trematocranus placodon. Zitachepa chifukwa cha makoka, nkhono zonyamula tizilombo ta likodzo zinachulukana pa mchenga pomwe anthu amasamba ndi kuchapa, ndipo likodzo linakwera. Jay Stauffer ndi Henry Madsen ndi ena mwa akatswiri omwe anatsatira nkhaniyi kwa zaka zambiri. Palibe amene ankaganiza kuti khoka lingadwalitse mwana wasukulu.

Kumtunda n'chimodzimodzi. Kadzidzi amene timamugenda pomuganizira zaufiti amagwira makoswe angapo usiku umodzi, makoswe omwewo amene amaboola matumba a mpunga wa Kilombero. Za ng'ona sindinganene mopepuka, chifukwa mabanja ena anataya abale awo pa mtsinje. Ng'ona yovuta ikanenedwe kwa a zanyama zakutchire. Koma tidziwenso kuti nsomba zikachepa m'madzi, ng'ona imayang'ana ku maukonde, ku mbuzi ndi pa doko.

Ndiye anthu a ku Karonga angachitepo chiyani?

Chitsanzo chilipo m'dziko momwe muno. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira umatseka usodzi m'miyezi ya mvula, kuyambira mu Disembala, n'kudzatsegula mu Epulo pa mwambo wa anthu onse. Wophwanya lamulo amachotsedwa pa chilumbapo. Lamuloli lakhala zaka zonsezi chifukwa eni ake ndi anthu a komweko, ndipo asodzi amaona okha kuti akabwerera amapeza nsomba zokhwima.

Ku Karonga malo ofunika kuwateteza akudziwika: pomwe North Rukuru, Lufilya ndi Songwe zimathira m'nyanja, mabango a m'mphepete, miyala ya ku Chilumba, ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje kumtunda. Kutchinga mtsinje wonse ndi ukonde kapena kuthira mankhwala m'madzi pomwe mpasa ikukwera kuyenera kukhala mlandu wa pabwalo la mfumu. A Kyungu, pamodzi ndi mafumu a Kilupula, a Mwakaboko, a Wasambo ndi a Mwirang'ombe, ali ndi mawu omwe anthu amawamvera kuposa chikwangwani cha boma. Makomiti a m'madoko akufunika mafumuwa awaimire kumbuyo, makamaka pomwe wolakwa ndi munthu wandalama.

Inunso amene mumagula ndiwo pa msika wa Karonga, pa Uliwa kapena pa Songwe muli ndi gawo lanu. Lamulo limaletsa kupha chambo chosakwana masentimita 15, ndipo nyengo yotseka nyanja kwa makoka imayamba pa 1 Novembala. Mukaona kasawala pa thandala, kapena chambo chatsopano chili ndi mazira m'kamwa, musagule, ndipo kawauzeni a komiti ya pa dokopo.